Manyowa pa dothi la mtovu: kuchokera ku Broken Hill kufika kuseri kwa nyumba yanga ku Rongai

 Ine ndikuyankhula ndili ku Ongata Rongai, kunja pang'ono kwa Nairobi. Mukamva hutala kapena nyimbo chapatali, amenewo ndi matatu a pa Magadi Road, sitingawaletse.

Gawo la lero ndi la mbiri, koma mbiri yake ndi ya dothi. Funso lathu ndi ili: kodi manyowa angachiritse nthaka imene yalowa mtovu? Mtovu ndi chitsulo chija cholemera, chofewa, chotuwa, chimene pa Chingerezi amati lead. Ndinenerethu kuti sindine mlangizi wa zaulimi, ntchito yanga ndi ya makompyuta. Ndiye ndiyambe ndi mmene funsoli linandipezera.

Kuntchito kwathu, pakatha zaka ziwiri kapena zitatu timasintha mabatire a mu UPS, timabokosi tija timene timagwirizira kompyuta magetsi akathima. Batire imodzi yaing'ono ya mavoti 12 imalemera pafupifupi makilogalamu 2, ndipo kuposa theka la kulemerako ndi mtovu. Mabatire akufawo amadzagula bambo wina wa pa njinga yamoto, amayeza pasikelo, kutumiza ndalama pafoni, basi wapita. Kwa zaka zonsezi sindinamufunsepo kuti amapita nawo kuti. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Kunyumba tikuchita lendi pamalo amene ali ndi kabwalo kuseri. Mayi a kunyumba atatopa ndi sukuma wiki wa tsiku ndi tsiku, anaitanitsa mbewu kumudzi: mpiru, bonongwe ndi nthanga za maungu kuti tizidya nkhwani. Loweruka lina ndikugawula kufupi ndi mpanda, khasu linayamba kutulutsa zibenthu za pulasitiki yakuda ndi tizitsulo totuwa tooneka ngati sefa. Wina akanangotaya, koma ine ndinazizindikira pompo, chifukwa ndi zam'kati mwa batire. Nditafunsa mayi wina wachikulire woyandikana nafe, anandiuza kuti amene ankakhalapo kale ankaswa mabatire pakona pomwepo, asidi n'kumakhuthulira pansi, zitsulozo n'kumasungunula mu poto pa mbaula. Pakona pomwepo ndi pamene mwana wathu wa zaka 3 ankachitira masanje, kuphika nsima ya dothi, mwina n'kulawako.

Usiku umenewo tulo sitinationa. Lolemba ndinatenga dothi la malo angapo m'timapepala kupita nalo ku labotale ina mu Nairobi, mwana tinapita naye kukayezetsa magazi. M'magazi mtovu unapezeka, mwamwayi sunafike poti apatsidwe mankhwala. Dothi la pakona linali loipa kwambiri, la mbali zina linali nawo pang'ono. Mayi amene anandipatsa zotsatira anandilangiza kuti pakona paja tipatseke, mwana asafikepo, ndipo kwina konseko tithire manyowa ambiri, tisasiye dothi lili pambalambanda. Ine ndinadabwa. Manyowa eti? Chitsulo chingaole ngati mapesi? Ndinayamba kuwerenga, ndipo kuwerengako kunandifikitsa kumalo amene dzina lake ndinkalimva kunyumba kwathu ndili mwana.

Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kupita kukagwira ntchito ku Broken Hill. Anali mmodzi mwa anthu ambiri a ku Nyasaland amene anapita ku migodi ya ku Northern Rhodesia. Ena anatchona, iwo anabwerako ndi njinga, sutikesi ya chitsulo ndi ana atatu. Mayi anga anabadwira komweko, anakwawira komweko. Broken Hill ameneyo ndi Kabwe wa lero, pakati pa dziko la Zambia, kumpoto kwa Lusaka.

Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka pamalopo mu 1902, ndipo amene anaipeza, T.G. Davey, anatcha malowo Broken Hill potengera mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906, tauni n'kuyamba kukula mozungulira mgodi. Mu Juni 1921 anthu okumba anapeza chigaza cha munthu wakalekale m'phanga la mu mgodimo, chimene mpaka lero chikusungidwa ku Natural History Museum ku London. M'phangamo munalinso mafupa ambirimbiri a nyama, ndipo mafupawo anali atamwa mtovu ndi zinki. Mfundo ya mafupayi muisunge, tibwererako.

Kampani ya Anglo American inali ndi gawo mu mgodiwu kuyambira 1925 mpaka 1974. Dziko litalandira ufulu, tauni inasintha dzina kukhala Kabwe, boma linatenga migodi, ndipo mgodiwu unatsekedwa mu 1994 uli m'manja mwa ZCCM. Kwa zaka zambirimbiri ng'anjo yosungunulira miyala inkafuka utsi, mphepo n'kumautengera ku makomboni a anthu ogwira ntchito. Kale m'zaka za m'ma 1970, dokotala wina dzina lake A.R.L. Clark anayeza ana a ku Kasanda n'kupeza mtovu wochuluka m'magazi mwawo. Choncho nkhaniyi inadziwika kalekale. Mgodi utatsekedwa, panatsala chimulu cha zinyalala za mgodi chimene anthu amachitcha Black Mountain, chosaphimbidwa, ndipo m'nyengo yachilimwe fumbi lake limagwera ku Kasanda, Chowa, Makululu ndi madera ena oyandikira.

Kuti mumvetse kukula kwake, kwa zaka zambiri bungwe loona za chilengedwe ku America, EPA, linkati dothi la pamalo osewerera ana lisapyole mamiligalamu 400 a mtovu pa kilogalamu, ndipo mu Januwale 2024 linatsitsa mlingo woyambira kuchitapo kanthu kufika pa 200. M'mabwalo a nyumba zina ku Kabwe, mlingowo umafika masauzande. Mu Okotobala 2020 maloya anakasuma Anglo American South Africa ku khoti la ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi pafupifupi 140,000. Kampaniyo ikukana mlandu, ikuti sinali mwini mgodi ndipo sinkauyendetsa. Mu Disembala 2023 khotilo linakana kuti mlanduwo upitirire ngati wa gulu, osumawo n'kuchita apilo.

Mwina wina akuti, ife kwathu kulibe mgodi. Chabwino, koma chaka chomwecho cha 1921 chimene chigaza chinapezeka, Thomas Midgley wa ku General Motors anatulukira kuti mtovu ukathiridwa mu petulo injini imayenda bwino. Petulo wotereyu anayamba kugulitsidwa mu 1923, ndipo mayiko a kuno kum'mwera kwa Sahara anadzamusiya kumayambiriro a 2006. Dziko lomaliza linali Algeria mu 2021. Ndiye kuti Magadi Road, Chipembere Highway ku Blantyre, Great East Road ku Lusaka, misewu yonseyi inapumira utsi wa mtovu kwa zaka zambiri, ndipo umene unagwera m'mbali mwa msewu udakali pomwepo. Onjezanipo penti wakale wa m'nyumba. Onjezanipo mabatire, amene masiku ano amatenga pafupifupi magawo 85 pa 100 a mtovu wonse wogwiritsidwa ntchito padziko. Mu 2020 UNICEF ndi Pure Earth anati mwana mmodzi mwa atatu alionse padziko, ana okwana mpaka 800 miliyoni, ali ndi mtovu wodetsa nkhawa m'magazi. WHO imati palibe mlingo umene tinganene kuti uwu ndi wabwinobwino.

Chimene chinandidabwitsa powerenga ndi njira imene mtovu umalowera m'thupi la mwana. Ine ndinkaganiza kuti vuto lalikulu ndi ndiwo, kuti mpiru umayamwa poizoni ndi mizu. Zimachitikadi, makamaka ku masamba ndi zokumba pansi monga karoti ndi mbatata, koma mbewu zambiri siziyamwa mtovu wochuluka, ndipo zobereka zipatso monga tomato, nyemba ndi chimanga zimatenga wochepa. Msewu waukulu ndi fumbi. Mwana amakwawa, amagwira dothi, chala chimapita kukamwa. Fumbi limalowa m'nyumba ndi nsapato, limamatirira pa masamba osatsuka bwino. Thupi la mwana limayamwa mtovu kwambiri kuposa la wamkulu, makamaka ngati mwanayo akuperewera zakudya zomanga magazi ndi mafupa. Umakawononga ubongo umene ukukula, mwana n'kumavutika kusukulu, makolo n'kumati ndi waulesi. Wina umakakhazikika m'mafupa, pamalo pa kashiyamu, n'kukhala mmenemo zaka zambiri. Mtsikana akadzakula n'kukhala ndi pakati, umatuluka m'mafupamo kupita kwa mwana wosabadwa. Nditawerenga zimenezi ndinaganiza za mayi anga, ndinaganiza za ine mwini.

Tsopano tifike pa manyowa. Kwathu manyowa si achilendo. Agogo athu ankadziwa kuti maungu a padzala amabereka kuposa a kumunda, ndipo ndowe za m'khola sizinkatayidwa. Mu sayansi ya azungu, njira yopangira kompositi mwadongosolo inatchuka ndi Albert Howard, amene anaikonza ku Indore, m'dziko la India, pakati pa 1924 ndi 1931, ataphunzira zambiri kwa alimi a kumeneko. Kwathu lero alangizi amaphunzitsa manyowa a m'dzenje, a chimato, a changu, ndiponso feteleza wa Mbeya. Koma zonsezi cholinga chake chinali chonde. Zoti manyowa angathandize pa mtovu zinayamba kufufuzidwa mwamphamvu ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1900, pamene boma linaona kuti kukumba ndi kutaya dothi la matauni athunthu ndi ndalama zosaneneka.

Ku Joplin, m'chigawo cha Missouri, tauni imene inalinso ndi ng'anjo ya mtovu, akatswiri anagawa malo m'timinda chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Pena anathira fosifeti, pena kompositi, pena zonse pamodzi. Kenako dothilo analidyetsa nkhumba ndi makoswe kuti aone kuchuluka kwa mtovu umene ukulowa m'magazi. Anapeza kuti dothi lothiridwa fosifeti linkapereka mtovu wochepa m'thupi, ngakhale kuti mtovuwo unali udakali m'dothimo. Ku Baltimore, Mark Farfel ndi Rufus Chaney ndi anzawo anagawulira kompositi m'mabwalo a nyumba 9 n'kubzalamo kapinga. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2005, zinaonetsa kuti patatha chaka mtovu umene thupi lingathe kuyamwa unatsika kwambiri, ndipo kapinga anaphimba malo amene kale anali fumbi lokhalokha. Kafukufukuyu anadzabutsa mkangano mu 2008, anthu akufunsa chifukwa chake anakayesera m'makomo a anthu akuda osauka, pogwiritsa ntchito kompositi wochokera ku zonyansa za m'masuweji. Funso limenelo ndi loyenera, ndipo limabwera kulikonse kumene njira yotchipa ikuperekedwa kwa osauka.

Nanga manyowa amachita chiyani kwenikweni? Choyamba, amachepetsa mphamvu mwa kusakaniza, monga mmene madzi amachepetsera mchere mu ndiwo. Chachiwiri, zoolerana za m'manyowa zimagwira mtovu kuti usasungunuke msanga. Chachitatu, nthaka ya asidi ndi imene imamasula mtovu, ndiye manyowa okhwima pamodzi ndi laimu kapena phulusa la nkhuni amachepetsa asidiyo. Chachinayi ndi fosifeti, amene amapezeka wambiri mu zitosi za nkhuku ndi m'mafupa. Mtovu ukakumana ndi fosifeti umatha kusanduka mwala wotchedwa pyromorphite, umene susungunuka wamba ngakhale m'mimba mwa munthu. Mwakumbukira mafupa a m'phanga aja? Chimene chimakokera mtovu m'mafupa a mwana ndi chomwecho chimene chingaumange m'dothi usanafike kwa mwanayo. Mwala umenewu umapezeka mwachilengedwe mu mgodi wa Kabwe momwemo. Mu 2011 EPA inafika pogawulira mafupa a nsomba operapera m'mabwalo a nyumba ku West Oakland, ku California, potsata nzeru yomweyi. Chachisanu, chimene mwina n'chachikulu kuposa zonse, manyowa amameretsa udzu, ndipo pamene pali udzu sipafuka fumbi.

Ku Kabwe nakonso anayesa. Kuyambira 2016, akatswiri a University of Zambia ndi Hokkaido University ya ku Japan anagwirira ntchito limodzi mu pulojekiti yotchedwa KAMPAI. Mwa zina, anabzala chimanga pa dothi la kufupi ndi mgodi, pena atathira zitosi za nkhuku, pena feteleza wa fosifeti, ndipo anaona kuti zinthu zimenezi zingachepetse mtovu wolowa mu chimanga. Koma Kabwe yemweyo akutiphunzitsanso malire ake. Mu pulojekiti ya Copperbelt Environment Project, imene World Bank inathandiza pakati pa 2003 ndi 2011, anabzala udzu m'makomo ndi m'masukulu. Lipoti la Human Rights Watch la mu 2019 linapeza kuti ntchitoyo sinakhalitse. Udzu umafuna madzi, madzi amafuna ndalama, ndipo chimulu chija chinali chikadali chosaphimbidwa, misewu ya m'makomboni ikadali ya fumbi. Mu 2016 World Bank inavomerezanso ndalama zina, madola 65.6 miliyoni, za ntchito yokonza madera a migodi ku Zambia, Kabwe ali m'gulumo. Koma bola gwero la fumbi lili lotsegula, bwalo limene mwakonza chaka chino limadzadetsedwanso chaka chamawa.

Ndipo pali malo ena amene manyowa sangathandize n'komwe. Ku Zamfara, kumpoto kwa Nigeria, mu 2010 ana oposa 400 anamwalira chifukwa anthu ankaperera m'makomo miyala ya golide imene inali ndi mtovu wambiri. Kumeneko anachita kupala dothi lapamwamba m'midzi yathunthu, kukalikwirira kutali, n'kubweretsa dothi lina, ana akulandira mankhwala kwa madokotala a MSF. Kuno ku Kenya kuli Owino Uhuru, mudzi wa ku Mombasa, kumene fakitale yosungunula mabatire akale inatsegulidwa mu 2007 pafupi ndi nyumba za anthu. Phyllis Omido, amene ankagwira ntchito pa fakitaleyo, anazindikira vutoli mwana wake atadwala. Anatsogolera anthu mpaka fakitale inatsekedwa mu 2014, ndipo mu 2015 analandira mphoto ya Goldman. Mu Julayi 2020 khoti linagamula kuti anthu a m'mudzimo apatsidwe mashilingi 1.3 biliyoni, ndi enanso 700 miliyoni okonzera malowo. Khoti la apilo linafafaniza chigamulocho mu 2023, koma mu Disembala 2024 Supreme Court inachibwezeretsa. Tawerengani zaka zimenezo. Mwana amene anabadwa fakitale ikutsegulidwa anali ndi zaka 17 pamene khoti lalikulu linkayankhula.

Ndiye yankho la funso lathu lija ndi lotani? Mtovu suola, supsa, sutha. Manyowa amangoumanga, ngati mbuzi yapachingwe, ndipo chingwecho chimafuna kuchiyang'anira chifukwa manyowa amatha m'nthaka, asidi amabwerera, udzu umauma. Amathandiza pamene mtovu uli wochepa kapena wapakatikati, pamene gwero lake latsekedwa, ndiponso pamene pali munthu woti azithira chaka ndi chaka. Nthaka zimasiyananso, pena amagwira bwino, pena pang'ono chabe, n'chifukwa chake kuyezetsa kuli kofunika musanayambe ndiponso pambuyo pake. Chenjezo linanso: manyowa a kudzala la mumzinda akhoza kubweretsa mtovu m'malo mouchepetsa. Mu 2007 UNEP inayeza ana 328 okhala mozungulira dzala lalikulu la Dandora kuno ku Nairobi, ndipo theka la iwo anali ndi mtovu wopyola mlingo. Dzala la agogo linali la phulusa ndi makoko a nyemba. Dzala la lero muli mabatire, penti ndi mawaya.

Kwathu tinachita motere. Nditakambirana ndi eni nyumba, pakona paja tinathirapo konkire, n'kuikapo thanki ya madzi. Sitinakumbe kuti tikataye kwina, chifukwa kumeneko n'kungosamutsira tsoka kwa mwana wa wina. Bwalo lotsalalo tinagawuliramo manyowa opanga tokha, a zitosi za nkhuku, masamba ouma, zotsala za kukhitchini ndi phulusa pang'ono, kenako tinabzala kapinga. Mpiru ndi bonongwe tikulima m'matumba ndi m'mabokosi okwera, dothi lake lochokera kwina, pamwamba titaphimbira ndi udzu wouma. Masamba timatsuka kawiri katatu, nsapato zimatsala pakhomo, m'nyumba timakolopa m'malo mosesa, mwana amasamba m'manja asanadye chilichonse. Masanje ake anasamukira pa mchenga umene tinamugulira. Titayezetsanso magazi patapita miyezi, mlingo unali utatsika. Kuntchito ndinapempha mabwana kuti mabatire akufa azibwerera kwa ogulitsa amene ali ndi chilolezo, ndipo anavomera. Bambo wa njinga yamoto uja sanasangalale, ndipo ndimamumvetsa, nayenso akusaka ya ufa. Ndinamufotokozera za mwana wanga, iye n'kundiuza kuti ali ndi ana awiri, ndipo amasewera pamene iye amasungira katundu wake.

Ndimalize ndi inu amene muli kunja. Ambiri a ife tatumizako sola kumudzi, tagulira makolo inveta ndi mabatire kuti asamagone mumdima. Tinachita bwino. Koma batire ija ikafa pakatha zaka zingapo, imapita kuti? Mwina ili kuseri kwa khitchini, yang'ambika, nkhuku zikupalasa pomwepo, adzukulu akusewera pomwepo. Mukaimba foni Lamulungu likubwerali, mukamaliza kufunsa za mvula ndi za feteleza, mufunsenso za batire yakale. Auzeni asaiswe, asakhuthule madzi ake pansi, asaitaye padzala pamene pamachokera manyowa a kudimba, aisunge pouma mpaka ipite kwa ogula amene ali ndi chilolezo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mayi anga nditawafotokozera zonsezi pafoni anakhala chete kanthawi, kenako anati akukumbukira kuti ku Broken Hill zovala zikayanikidwa panja zinkatuwa ndi fumbi, ndipo agogo aakazi ankangozikutumula n'kuveka ana. Kenako anandifunsa ngati nkhwani zija zayamba kuyanga. Ndinawauza kuti zayamba.